Zimene Bokosi la Makina a Magemu Silikuuzani

Lero tikambe za makina a magemu, PlayStation, Xbox ndi Nintendo Switch. Makolo ena mwina mwayamba kale kufunafuna kotembenuzira wailesi, mukuti imeneyo ndi nkhani ya ana. Tadikirani kaye. Makinawa amagulidwa ndi ndalama zanu, amadya magetsi a m'nyumba mwanu, ndipo m'misika yathu muli achinyamata amene akupezera ndiwo pa makina omwewa: atsegula kachipinda, aika TV ziwiri kapena zitatu, anzawo n'kumalipira kuti apikisane pa mpira wa FIFA.

Achinyamata akamatsutsana za makinawa, mkangano wawo umathera pa zithunzi. Uyu akuti yanga udzu wa m'bwalo umaoneka ngati weniweni, winayo akuti yanga ngakhale thukuta la wosewera limaoneka. Amene amafunsa kuti makinawo amalira bwanji, kapena amatentha motani, ndi ochepa. Komatu zithunzi, kutentha ndi phokoso ndi nkhani imodzi, ndipo wogula amene wayang'ana zithunzi zokha amadzadziwa zinazo ndalama zitapita kale.

Chimene mumaona pa TV gemu ikamaseweredwa sichinajambulidwiretu monga zimakhalira ndi filimu. Makina amachijambula nthawi yomweyo, malinga ndi batani lomwe wosewera wadina, ndipo amatero maulendo 30 kapena 60 pa sekondi iliyonse. Chithunzi chimodzi cha 1080p chili ndi timadontho toposa 2 miliyoni. Cha 4K chili ndi toposa 8 miliyoni. Kadontho kalikonse kafunika kuwerengeredwa mtundu wake, kuwala kwake ndi mthunzi wake. Ntchito yonseyi imagwiridwa ndi chip imodzi, ndipo chip imeneyo imafuna magetsi. Magetsi akalowa m'makina sasowa ayi, amasanduka kutentha. PlayStation 5 ikakhala pa gemu yolemera imakoka mawati pafupifupi 200. Amene munagwiritsapo ntchito mababu akale aja a mawati 100 mukukumbuka kuti babu loyaka silinkagwirika ndi dzanja. Ndiye tengani moto wa mababu awiri oterowo, gawo lalikulu muupanikize pa kachidutswa ka masikweya sentimita 3 okha, muutsekere m'bokosi la pulasitiki. Vuto limene opanga makinawa amalimbana nalo ndi limeneli.

Wopanga akhoza kuika fani yaing'ono yothamanga kwambiri, koma makina azilira. Akhoza kukulitsa bokosi, kuikamo zitsulo zambiri zoyamwa kutentha ndi fani yaikulu yoyenda modekha, koma mtengo ukwera ndipo makina asowa malo pashelefu. Apo ayi achepetse mphamvu ya chip, zithunzi zitsike. Palibe kampani imene inazembapo kusankha kumeneku, ndipo ina inalipira modula chifukwa chosankha molakwika.

Mu November 2005 kampani ya Microsoft inatulutsa Xbox 360, chaka chathunthu Sony isanatulutse PlayStation 3. Makinawo anali okongola, oonda pakati, ndipo zithunzi zake zinali zodabwitsa pa nthawiyo. Pasanapite nthawi yaitali anthu anayamba kudandaula. Munthu ayatsa makina, m'malo mwa nyale zobiriwira pa batani loyatsira payaka nyale zitatu zofiira, ndipo makina osadzukanso. Osewera anautcha mliriwu Red Ring of Death. Chimene chinkachitika mkati n'chakuti chip yojambula zithunzi inkatentha kwambiri makina akayaka, n'kuzizira akathima, mawa lake chimodzimodzi. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera. Timfundo tachitsulo tolumikiza chip tinkatopa ndi kufutukuka ndi kubwerera kumeneku mpaka kusweka. Anthu ena posowa pogwira ankakulunga makinawo m'mathaulo kuti atenthe dala, ndipo nthawi zina ankadzukadi kwa masiku ochepa, kenako n'kuferatu.

Mu July 2007 Microsoft inavomera poyera. Inatalikitsa chitsimikizo cha makinawo kufika zaka 3 pa vuto limeneli, ndipo inapatula ndalama zoposa 1 biliyoni ya madola a ku America zokonzera ndi kubwezera anthu makina. Mtsogoleri wa gawo la Xbox pa nthawiyo anali Peter Moore. Nayo PlayStation 3 yoyambirira inali ndi nyale yake yachikasu imene eni ake ankaiopa. Kuyambira pamenepo, palibenso kampani imene inkaona kuziziritsa makina ngati nkhani yomalizira.

Ndipo mantha aja anaoneka pa makina otsatira. Xbox One ya mu 2013 inatuluka ili chibokosi chachikulu, chokhala ndi fani yaikulu pamwamba pa chip, ndipo chosinthira magetsi chinali kunja, pa waya, kuti kutentha kwake kusawonjezere moto mkati. Inali yachete ndithu. Koma pa mphamvu inatsalira. Muyeso umene makampani amakonda kulengeza ndi teraflops, womwe umanena kuchuluka kwa masamu amene chip ingathe pa sekondi. Xbox One inali ndi 1.31, PlayStation 4 inali ndi 1.84, ndipo kusiyanaku kunkaoneka: gemu ya Call of Duty: Ghosts inkayenda pa 1080p pa PlayStation 4, koma pa 720p pa Xbox One. Sony inapambana pamsika, inagulitsa makina oposa 110 miliyoni, ndipo ambiri mwa makina amene mumawapeza m'zipinda za magemu kuno kwathu ndi omwewo.

Aliyense amene anakhalapo ndi PlayStation 4 kwa zaka zingapo akudziwa mtengo wina umene unabisala m'kabokosi kake kakang'ono. Sony inapanikiza zonse mkati, ndi chosinthira magetsi chomwe. Makina akadali atsopano zinthu zimayenda bwino. Fumbi likayamba kudzaza m'timipata ta chitsulo choziziritsira, mafuta oyamwa kutentha apakati pa chip ndi chitsulocho akauma, fani imayamba kukuwa. PlayStation 4 Pro ya mu 2016, makamaka zoyamba kutuluka, inatchuka ndi zimenezi. Pa magemu olemera ngati God of War ya mu 2018 ndi The Last of Us Part II ya mu 2020, osewera m'mayiko ambiri ankadandaula kuti makina akulira ngati ndege yonyamuka, mpaka kukweza mawu a TV kuti amve zimene anthu a m'gemu akulankhula. Ine ndimaona kuti pamenepa wosewera waberedwa. Amene anapanga gemu anavutika kujambula kaphokoso ka mphepo, mapazi a mdani wobisala kuseri kwa khoma, nyimbo yoyimbidwa chapansipansi, ndipo zonsezo zikumizidwa ndi fani.

Ena amati kulirako ndi umboni wa mphamvu. Ayi ndithu. Mu 2017 Microsoft inatulutsa Xbox One X, ya mphamvu ya 6 teraflops pamene PlayStation 4 Pro inali ndi 4.2, koma inali yachete kuposa mnzakeyo. Chinsinsi chake chinali kabokosi kaphanthiphanthi ka kopa kotchedwa vapor chamber, kokhala ndi timadzi pang'ono mkati. Timadzito tikakhudza mbali yotentha timasanduka nthunzi, nthunziyo imathamangira kozizira, imasandukanso madzi n'kubwerera. Motero kutentha kumamwazikana msanga pa chitsulo chonse, ndipo fani siyifunika kudzipha.

Tifike tsopano pa makina a mu November 2020, amene ambiri akuwalakalaka lero. Anthu ataona PlayStation 5 koyamba anadabwa ndi kukula kwake: masentimita 39 kutalika, makilogalamu 4.5 kulemera. Mu October chaka chomwecho injiniya wa Sony, Yasuhiro Ootori, anamasula makinawo pa kanema kuti dziko lonse lione zamkati, ndipo zinaonekeratu kuti malo ambiri anapita ku nkhondo yolimbana ndi kutentha. Muli fani ya mamilimita 120, yokoka mpweya mbali zonse ziwiri. Muli chitsulo choziziritsira chachikulu kwabasi. Ndipo pakati pa chip ndi chitsulocho sanaikepo mafuta wamba aja, anaikapo chitsulo chamadzimadzi, chimene chimasamutsa kutentha msanga kwambiri.

Panalinso nzeru ina imene mkulu wokonza makinawa, Mark Cerny, anaifotokoza mu March 2020. Kale mainjiniya ankachita kulosera kuti gemu yolemera kwambiri idzakoka magetsi ochuluka bwanji, ndipo akalosera mopereweza, fani ndiyo inkavutika. Pa PlayStation 5 anatembenuza zinthu: anaika malire a magetsi amene chip ingakoke, ndipo liwiro la chip ndilo limasinthasintha pang'ono kuti isadutse malirewo. Liwirolo limatsatira ntchito imene gemu ikupereka, osati kutentha kwa chipinda. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti mnyamata wa ku Nsanje ndi mnzake wa ku Dedza aona zithunzi zofanana, koma fani ya wa ku Nsanje igwira ntchito yowawa kuposa ya mnzakeyo.

Microsoft inasankha njira ina. Xbox Series X ndi chibokosi choimirira, masentimita 30 kutalika ndi 15 mbali iliyonse. Pamwamba pali fani imodzi ya mamilimita 130 yokoka mpweya kuchokera pansi, kudutsa pa zipangizo zonse, n'kuutulutsira kumwamba kumene mpweya wotentha umafuna kale kupita. Fani ikakula imakankha mpweya wambiri ikuyenda pang'onopang'ono, n'chifukwa chake makinawa mumachita kuyandikira kuti mumve ngati ayaka. Pa nkhani ya chete, ine ndimaipatsa ulemu Series X. PlayStation 5 nayo ndi yachete poyerekeza ndi mkulu wake uja, kungoti si onse amalira mofanana: Sony inagula mafani kwa opanga osiyanasiyana, ndipo makina ena amatulutsa kamluzu kopyapyala kochokera m'zipangizo za magetsi, kamene ena sakamva n'komwe pamene ena kamawasowetsa mtendere. Pa makina onse awiri, chimene chimalira kwambiri nthawi zambiri ndi choŵerengera disiki pamene gemu ikukopedwa.

Nanga zithunzi? Pa pepala Series X ili ndi 12 teraflops, PlayStation 5 ili ndi 10.28. Munthu angaganize kuti mlandu watha. Koma akatswiri a Digital Foundry, amene ntchito yawo ndi kuika magemu pambalipambali n'kuŵerenga chithunzi chimodzichimodzi, anapeza kuti magemu ena oyambirira, monga Assassin's Creed Valhalla, ankayenda mosalala pa PlayStation 5 kuposa pa makina amene ankati ndi amphamvuwo, mpaka opanga gemu atakonza. M'zaka zotsatira, apa wapambana uyu, apo wapambana winayo, ndipo kawirikawiri kusiyanako kumafuna kuimitsa chithunzi ndi kuchikulitsa kuti kuoneke. Munthu wokhala pampando mamita awiri kapena atatu kuchokera pa TV sangakuloze. Choncho wogulitsa akayamba kukuŵerengerani ma teraflops, mumvereni mwaulemu, koma musatulutse ndalama chifukwa cha nambala imeneyo.

Pali kankhani kena kamene ndimakakonda chifukwa kamawongola maganizo olakwika amene ambiri tili nawo. Mu 2021 Sony inatulutsa mwakachetechete PlayStation 5 yopepukirapo ndi magalamu pafupifupi 300, itachepetsa chitsulo choziziritsira. Munthu wina wotchuka pa YouTube anayeza mpweya wotuluka kumbuyo, anapeza kuti ndi wotentherapo, ndipo mbiri inawanda kuti makina atsopanowo ndi oipa. Koma akatswiri a Gamers Nexus atamata zoyezera pa zipangizo zenizenizo mkati, sanapeze chodetsa nkhawa. Mpweya wotentha kumbuyo kwa makina si chizindikiro cha matenda. Ndi kutentha kumene kwatuluka, ndiye kuti ntchito ikugwirika. Choopsa ndi makina amene fani ikukuwa koma kumbuyo kukungotuluka kampweya kofooka, pakuti pamenepo njira yatsekeka ndipo moto watsalira mkati.

Magemu ambiri a masiku ano amamufunsa wosewera kuti asankhe: zithunzi zakuthwa kwambiri zoyenda 30 pa sekondi, kapena zotsikirapo pang'ono zoyenda 60. Kusankha kumeneku ndi malire a magetsi ndi kutentha aja, atafika m'manja mwa wosewera. Polengeza PlayStation 5 Pro mu September 2024, Mark Cerny ananena kuti pa maulendo anayi alionse, atatu osewera amasankha kusalala. Ndikugwirizana nawo. Pa mpira, pa mpikisano wa magalimoto, pa nkhonya, chimene dzanja limafuna ndi chakuti ukadina batani chinthu chichitike pompo. Pro imeneyo inabwera kuti munthu apeze zonse ziwiri, pa mtengo wa madola 699 popanda choŵerengera disiki. Kwa amene TV yake ndi ya mainchesi 32 yosafika n'komwe pa 4K, ndalama zimenezo n'zogulira timadontho timene sadzationa.

Kumapeto enawo kuli makina amene anasankha kudzichepetsa. Xbox Series S ili ndi 4 teraflops basi, inayamba pa madola 299, ndipo pa gemu sifika mawati 100. Ndi yaing'ono, yachete, ndipo kwa wodalira sola ndi batire imapirira nthawi yaitali kuposa akuluakulu aja. Chilema chake kuno kwathu ndi chachikulu: ilibe polowetsa disiki. Gemu iliyonse iyenera kutsitsidwa pa intaneti, ndipo magemu ena amadutsa magigabaiti 50, ena 100. Amene mumagula mabandulo mwaŵerengera kale. Simungabwerekane gemu ndi mnzanu, simungagule disiki yakale yotsika mtengo.

Nintendo Switch, ya mu March 2017, ndiyo inapita kutali zedi pa njira imeneyi. Chip yake ya Nvidia ndi ya mtundu wa m'zipangizo za m'manja, ndipo makina onse sadutsa mawati 20. Zithunzi zake ndi 720p m'manja, ndipo pa TV sizidutsa 1080p. The Legend of Zelda: Breath of the Wild imayenda pa 900p pa TV ndi zithunzi 30 pa sekondi, manambala amene mwini PlayStation 5 angawaseke, koma gemuyo ili m'gulu la zotamandidwa kwambiri m'mbiri ya magemu, ndipo makinawo agulidwa oposa 140 miliyoni. Magetsi akathima, mwini Switch amangoizula pa choikapo chake n'kupitiriza, poti ili ndi batire yakeyake.

Tsopano tibwere m'nyumba zathu, chifukwa kuyeza konse kumene ndatchulaku kumachitikira m'zipinda zozizira bwino za ku Ulaya ndi ku America. Buku la malangizo a PlayStation 5 limati makinawa azigwira ntchito pamalo otentha pakati pa madigiri 5 ndi 35. Mu October ndi November, ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumafika madigiri 40 ndi kupitirira. Ngakhale ku Lilongwe kapena ku Lusaka, kachipinda ka malata kopanda siling'i, kodzaza anyamata, TV zitatu zikuyaka, masana a mwezi wa October kamadutsa malire amenewo mosavuta. Fani siyipanga mpweya wozizira, imangokoka umene ulipo. Ukakhala wotentha kale, imathamanga kwambiri kuti ichotse kutentha komweko, ndiye phokoso limakwera, ndipo zikafika poipa makina amalemba chenjezo pa TV n'kudzithimitsa okha. Akatero musawakakamize kuyakanso nthawi yomweyo, akudziteteza.

Onjezanipo fumbi la m'chilimwe. Makina amene ku London angathe zaka zingapo osatsegulidwa, kuno pamsika wa m'mbali mwa msewu wadothi amatsekeka m'nyengo imodzi. Onjezaninso mphemvu, zimene zimakonda malo amdima ofunda, n'kukalowa mu chosinthira magetsi mpaka kuchiwotcha. Ndipo pali chizolowezi chathu chosamala katundu wodula: kumutsekera m'kabati ya galasi, kapena kumufunditsa kansalu kokongola kuti asade. Amayi amene mumachita zimenezi mumachita mwachikondi, ndipo makina akathima n'kuzizira, kansaluko kamathandizadi kutchinga fumbi. Koma akayaka, chotsani. M'kabati yotseka makina amapuma mpweya wawo womwe wotentha, kubwerezabwereza. Sony imalangiza kusiya mpata wa masentimita osachepera 10 kuchokera kukhoma. Musawaike pansi pa simenti kapena pa kapeti pomwe fumbi limasonkhana, ndipo pamwamba pa Series X musasanjikepo kanthu, poti ndi pamene imapumira.

Kupukuta PlayStation 5 sikovuta: zivundikiro zake zoyera zimachoka popanda sikuludiraiva, ndipo pa mtundu woyamba uja pali timabowo tiwiri timene anatikonzera dala kuti fumbi lizikokedwerapo. Koma kwa amisiri athu okonza mafoni ndi ma TV ndili ndi pempho. PlayStation 4 yokuwa mukhoza kuitsegula, kupukuta chitsulo, kuika mafuta atsopano pa chip, ndipo idzakhala chete ngati yatsopano. Ntchito imeneyo ndi yabwino ndipo yapulumutsa makina ambiri. PlayStation 5 ndi ina. Chitsulo chamadzimadzi chija chimadutsitsa magetsi, ndipo kadontho kamodzi kakatayikira pa bolodi, makina apita. Ngati simunaphunzire kuchigwira, pukutani fani ndi timipata ta mpweya, pa chip musafikepo.

Makina ambiri amafika kuno atagwirapo kale ntchito, kuchokera ku Johannesburg, ku Dubai kapena kwa achibale a ku Britain, ndipo wogulitsa amakonda kungoyatsa, kukuonetsani kuti chithunzi chabwera, basi tipangane mtengo. Pa chithunzi choyambacho makina aliwonse amakhala chete, chifukwa chip sinayambe ntchito. Muuzeni aike gemu yolemera, museŵere theka la ola, mawu a TV atatsitsidwa. Mverani ngati fani ikukwera pang'onopang'ono n'kukhazikika, kapena ikungokuwa osatsika. Ikani dzanja potulukira mpweya, mumve ngati ukutuluka mwamphamvu. Yang'anani zomata za pa masikuluwu ngati zinachotsedwapo, ndipo ngati zinachotsedwa funsani amene anatsegula ndi chimene anakonza. Wogulitsa akakana kukupatsani theka la ola limenelo, bwererani ndi ndalama zanu.